Dynaco Stereo 70 ndi nkhani ya "mawu ofunda"

M'chaka cha 1959 kampani ya Dynaco ya mumzinda wa Philadelphia ku America inatulutsa ampulifaya yotchedwa Stereo 70, imene ambiri amangoitchula mwachidule kuti ST-70. Munthu ankaigula ili zidutswazidutswa m'katoni pa mtengo wa madola 99.95, n'kukailumikiza yekha kunyumba ndi chowotcherera mawaya, akutsatira kabuku kamene kankabwera m'katoni momwemo. Zinagulidwa zoposa 300,000, ndipo palibe ampulifaya ina ya mavalavu yoimbira nyimbo m'nyumba imene inafalapo chotere. Lero, patadutsa zaka zoposa 60, zakalezo zikugulitsidwabe pa intaneti, timakampani tina tikupangabe zipangizo zake, ndipo ena akupanga zatsopano motsatira pulani yomweyo. Ogulitsa amapereka chifukwa chimodzi: akuti mavalavu amatulutsa mawu "ofunda", amoyo, amene thiranzisita singathe kutulutsa. Ine ndikuona kuti ST-70 ndi makina oyeneradi ulemu, koma ulemuwo ukuperekedwa pa chifukwa cholakwika, ndipo kulakwikako kumawonongetsa anthu ndalama, mwinanso kupseretsa makina amene akuwatamawo.

Tiyambe ndi valavu yeniyeniyo. Ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya. M'kati mwake muli kawaya kamene kamayaka ngati ka m'babu lakale, ndipo kamatenthetsa kachitsulo kotchedwa cathode. Kachitsuloko kakatentha kamatulutsa ma elekitironi, amene amathamangira ku chitsulo china chotchedwa plate, chomwe chimakhala ndi mavoti mazanamazana. Pakati pa ziwirizi pali kaukonde ka waya kotchedwa grid. Kamphamvu kochepa kochokera ku galamafoni kapena ku foni kakafika pa kaukondeko, kamachepetsa kapena kuchulukitsa ma elekitironi odutsa, monga momwe zala ziwiri zogwira mpopi zimalamulira madzi a m'thanki yonse. Kukuza mawu n'kumeneko. John Ambrose Fleming wa ku England anapanga valavu yoyamba mu 1904, ndipo Lee de Forest wa ku America anawonjezeramo kaukonde kaja mu 1906. Thiranzisita, imene imagwira ntchito yomweyi popanda galasi ndi moto, inatulukiridwa ku Bell Laboratories kumapeto kwa 1947.

Kuno kwathu valavu si mlendo. Chakumapeto kwa ma 1940 Harry Franklin, yemwe anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, ananyengerera kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wayilesi yotchipa yoyendera batire. Wayilesiyo, yomwe inatchuka ndi dzina loti Saucepan Special chifukwa chibokosi chake chinali ngati sefuliya, inali ndi mavalavu anayi ndipo inkagulidwa mapaundi 5. Kudzera m'wayilesi imeneyi anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland ankamvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele, ndipo ambiri anamvamo mawu a Alick Nkhata koyamba. Mawayilesi a thiranzisita atafika, kuphatikizapo a Nzeru opangidwa ku Malawi, anthu sanalirire mavalavu. Anakondwa chifukwa batire linasiya kutha msanga, ndipo wayilesi inayamba kuyenda nawo kumunda ndi kudimba. Makolo athu anaiona valavu monga inalili: chida chogwira ntchito, chokhala ndi ubwino wake ndi mtolo wake. Zoipatsa ulemu wonga wa chithumwa zinabwera pambuyo, kuchokera m'magazini a okonda zoimbira a ku America, Britain ndi Japan.

Chimene ambiri otama ST-70 amaiwala n'chakuti mwini wake, David Hafler, sankafunafuna "mawu a valavu". Ankafuna ampulifaya imene imatulutsa ndendende zimene yalandira, pa mtengo woti mphunzitsi kapena kalaliki angakwanitse. Mu 1951 iye ndi Herbert Keroes anafalitsa njira yolumikizira mavalavu ku thiransifoma yotchedwa ultralinear, imene Alan Blumlein wa ku England anali ataiganizira kale m'ma 1930, ndipo cholinga chake chinali kuchepetsa kupotoka kwa mawu. ST-70 imagwiritsanso ntchito nzeru ya Harold Black ya mu 1927, yotenga kagawo ka mawu otuluka n'kukabweza kumayambiriro mozondoka kuti zolakwika zidzifafanize zokha. Kunena mwachidule, ntchito yonse ya Hafler ndi mnzake Ed Laurent inali yobisa khalidwe la valavu kuti lisamveke. Thiranzisita itakhwima, Dynaco inatulutsa Stereo 120 ya mathiranzisita mu 1966, ndipo Hafler atakhazikitsa kampani ya dzina lake mu 1977 anapanga maampulifaya opanda valavu ndi imodzi yomwe. Wopangayo anapita patsogolo osacheuka, otsalira ndi amene akulambira chisa chimene mbalame inachisiya.

Tsono mawu akuti "ofunda" akutanthauzanji? Pachingerezi amati warm, ndipo mawuwo azolowereka moti palibe amafunsa. Mukawabweretsa m'Chichewa amaoneka maliseche. Ife timati ng'oma yalira bwino, gitala ikuthwa, mawu ndi onenepa, ndi opyapyala, ndi osasa, akunong'ona. Chilichonse mwa izi chimaloza chinthu chimene khutu lingatsimikize. Chofunda ndi bulangete, phala ndi madzi osamba. Ndikukayikira kuti mawu a chingereziwa anayambira m'maso ndi pakhungu: mavalavu amayaka mofiirira mumdima ndipo amatenthadi, choncho maganizo amasamutsira kutenthako ku nyimbo. Koma kungonena kuti zonse n'zam'mutu kungakhale ulesi. Pali zinthu zitatu zenizeni, zopimika, zimene zimachititsa kuti ampulifaya ya mavalavu imveke mosiyana, ndipo n'zofunika kuziona chimodzichimodzi.

Choyamba ndi timawu tobadwira pamwamba pa liwu lenileni, timene akatswiri amatitcha ma harmonic. Ampulifaya iliyonse imapotozako mawu pang'ono, ndipo kupotozako kumabala timawu timene sitinalipo pojambula. Kawu kachiwiri kamakhala ndendende liwu lomwelo koma lokwera kawiri, monga mwana akamaimba nyimbo imodzi ndi bambo ake, choncho khutu limakalandira mosavuta ndipo liwu limamveka lonenepa. Timawu tachitatu, tachisanu ndi tachisanu n'chiwiri timamveka mokanda. Otsatsa malonda amati valavu imabala kachiwiri kokomako pamene thiranzisita imabala tokandato. Izi zili ndi choonadi pa ampulifaya ya valavu imodzi mbali iliyonse, monga zogwiritsa ntchito 300B, valavu imene Western Electric inatulutsa mu 1938. Koma ST-70 ili ndi mavalavu a EL34 awiri mbali iliyonse, ina ikukankha inzake ikukoka, ndipo kalumikizidwe kameneka kamafafaniza ndendende kawu kachiwiri kaja. Kotsalako kamachepetsedwanso ndi nzeru ya Black ija. Choncho nthano yotchuka kwambiri ya mavalavu siikhudza kwenikweni ampulifaya ya mavalavu yotchuka kwambiri.

Chachiwiri n'chimene chimamvekadi, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri. Sipika siilandira magetsi mofanana pa mawu onse. Yolembedwa kuti ndi ya ma ohm 8 imatha kutsika kufika pa 4 pa mawu ena, n'kukwera kufika pa 30 pa mawu a besi pamene chibokosi chake chimanjenjemera. Ampulifaya ya mathiranzisita siilabadira kwenikweni zimenezi, chifukwa kukaniza kwake kwa m'kati n'kochepa zedi. Ya mavalavu imadutsira m'thiransifoma, ndipo kukaniza kwake n'kokulirapo. Tiwerengere limodzi. Ngati ampulifaya ili ndi ohm imodzi m'kati, sipika ikakhala pa 4 imalandira magawo 80 pa 100 aliwonse a mphamvu ya mavoti, ikakhala pa 30 imalandira pafupifupi 97. Kusiyanako ndi ma decibel oposa 1.5, ndipo khutu limakumva. Ngati ili ndi ma ohm atatu, monga zimakhalira ndi zambiri za valavu imodzi, kusiyanako kumafika ma decibel 4. Besi imatupa, mawu apakati amasintha maonekedwe. Kumeneku n'kusintha kofanana ndi kupotokola batani la besi, kungoti simungalibweze, ndipo kumadalira sipika imene mwalumikiza. N'chifukwa chake ampulifaya yomweyo imakoma m'nyumba ya uyu n'kukhumudwitsa m'nyumba ya uyo.

Chachitatu ndi khalidwe la makina akapanikizidwa kupitirira mphamvu yake. Thiranzisita ikafika pamapeto imadula nsonga za mawu ngati ndi chikwanje, ndipo zimamveka mong'ambika. Valavu imafika pamapeto pang'onopang'ono, ikubulungiza nsongazo. Nkhani imene otama mavalavu amakonda kutchula, ya Russell Hamm imene inatuluka mu 1973 m'magazini a bungwe la Audio Engineering Society, inkanena za zimenezi: zimene zimachitika zokuzira mawu a maikolofoni mu situdiyo zikapatsidwa mawu opitirira muyeso. Oimba gitala amadziwa bwino phindu lake, ndipo n'chifukwa chake maampulifaya a Fender, Marshall ndi Vox a mavalavu sanathe ntchito. Kwa woimba, kupotoka kwa mawu ndi gawo la chida chake, ngati mmene nembanemba ya kangaude imachititsira kuti kalimba kanyenyerere. Koma womvera m'nyumba sakuimba. Ngati ampulifaya yake ikufika pamapeto kawirikawiri, ndiye kuti ndi yaing'ono pa masipika akewo. ST-70 ili ndi mawati 35 mbali iliyonse. Ampulifaya yamakono ya mawati 150 siifika n'komwe pamalo pamene kusiyanaku kumaonekera.

Umboni wina unabwera mu 1985, pamene Bob Carver, wopanga maampulifaya ku America, anapikisana ndi akonzi a magazini ya Stereophile. Iye anati akhoza kusintha ampulifaya yake yotchipa ya mathiranzisita kuti imveke chimodzimodzi ndi iliyonse imene iwo angasankhe. Anamusankhira ya mavalavu yodula kwambiri ya kampani ya Conrad-Johnson. Carver anagwira ntchito masiku ochepa, akuyerekeza zotuluka m'makina awiriwo ndi kusintha yake kufikira kusiyanako kutatsala pang'ono kutheratu. Akonziwo, omwe ntchito yawo inali kumva kusiyana kwa zoimbira, anavomera kuti sankathanso kusiyanitsa. Phunziro lake si lakuti maampulifaya onse amamveka mofanana. Ndi lakuti kusiyanako kuli m'zinthu zopimika ndi zotengereka, osati mu mzimu wina wokhala m'galasi.

Pali mfundo ina imene imamveka yanzeru, ndipo imatikhudza ife okonda nyimbo zakale za kuno. Amati nyimbo za m'ma 1950 zinajambulidwa ndi makina a mavalavu, choncho zimafuna mavalavu kuti zimveke mmene zinalili. N'zoona kuti zimene Hugh Tracey anajambula poyendayenda m'midzi ya chigawo chino, kuphatikizapo Nyasaland, ndiponso kwela ya Spokes Mashiyane yojambulidwa ku Johannesburg, zinadutsa m'mavalavu. Koma taganizani. Chilichonse chimene mavalavu a nthawiyo anachita pa mawu a bangwe kapena a chitoliro chili kale m'chimbalecho, sichingachokemo. Kuti mumve chimenecho mokhulupirika, mukufunika ampulifaya yosawonjezera kanthu. Mukadutsitsanso nyimboyo m'makina onenepetsa besi, mwathira mchere m'ndiwo zothira kale. Mwina mungazikonde choncho, ndipo palibe mlandu pamenepo. Chimene ndikukana n'kutcha kukonda kwanuko kukhulupirika kwa woimbayo.

Tibwere tsopano ku moyo wa tsiku ndi tsiku wa makinawa, pamene otsatsa amalankhula motsitsa mawu. ST-70 ili ndi mavalavu asanu ndi awiri: ma EL34 anayi otulutsa mphamvu, ma 7199 awiri oyambitsa, ndi GZ34 imodzi yowongola magetsi. Ma EL34 amafuna kuwatchera mlingo wa magetsi odutsamo pamene nyimbo siikuimba, ntchito imene amaitcha bias. Apa Dynaco inachita mochenjera. Inaika rezisita ya ma ohm 15.6 mbali iliyonse, ndipo mwini makina amapotokola kasikuluwu kufikira mita itawerenga mavoti 1.56. Nambalayi inasankhidwa chifukwa batire latsopano la tochi linkapereka mavoti omwewo, choncho ngakhale wokhala ndi mita yotchipa ankayamba wapima batire, n'kuona pamene muvi waima, kenako n'kufananitsa. Imeneyi ndi nzeru ya munthu woganizira wogula wamba, ndipo ndi imodzi mwa zinthu zimene ndimailemekezera ampulifayayi.

Koma nambala yomweyo ikuulula kufooka kwake. Mavoti 1.56 pa ma ohm 15.6 ndi mamiliampu 100, kutanthauza 50 pa valavu iliyonse. Pa mavoti opitirira 400, valavu iliyonse ikutentha ndi mawati oposa 20, pamene malire a EL34 ndi 25. Mpata wotsala ndi wochepa. Komanso kasikuluwu n'kamodzi pa mavalavu awiri, ndiye ngati awiriwo sali ofanana mphamvu, ina imasenza katundu wa inzake mita ikuonetsa kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake ma EL34 a makinawa amagulidwa awiriawiri, opimidwa kale kuti ndi ofanana. Nayo GZ34 imadyetsa mavalavu onsewo ili pafupi ndi malire ake a mamiliampu 250. Hafler anapanikiza zipangizo kuti mtengo utsike, podziwa kuti mu 1959 mavalavu olimba a Mullard ankapezeka paliponse motchipa. Akatswiri ambiri lero amatchera bias motsikirako kuti mavalavu akhalitse. Mukaona chitsulo cha m'kati mwa valavu chikufiira ngati khala, osati kawaya kokha, zimitsani nthawi yomweyo, chifukwa valavu ikafa motero imatha kupita ndi thiransifoma.

Pali malamulo ena amene sasintha. Ampulifaya ya mavalavu siiyatsidwa masipika asanalumikizidwe, chifukwa mphamvu yosowa kolowera imabwerera m'thiransifoma n'kuboola zotchinga mawaya ake, ndipo thiransifoma ndiye mtima ndi mtengo wa makinawo. Sipika ilumikizidwe pa malo oyenera mwa atatu alipowo, a ma ohm 4, 8 kapena 16. Poyatsa mumayamba ndi zinazo n'kumalizira ampulifaya, pozimitsa mumayamba ndi ampulifaya. Isaikidwe m'kabati yotseka, ndipo chizolowezi chathu choyala kansalu koluka pamwamba pa wayilesi chithere pomwepo, chifukwa galasilo limatentha moti lingapsereze nsalu ndi chala cha mwana. Chachikulu pa zonse: makapasita a m'kati amasunga mavoti oposa 400 ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo mphamvu imeneyi imapha. Safunsa anadya phula. Wosadziwa kukhetsa magetsi otsalira m'kapasita asatsegule pansi pa makinawa. ST-70 yakale imene yakhala zaka osayatsidwa iyambe yaonedwa ndi wokonza, chifukwa makapasita ake ndi kowongolera magetsi a bias ka selenium zimakhala zitakalamba, ndipo chingwe chake choyambirira chinalibe waya wopita pansi.

Kwa ife a chigawo chino pali vuto lowonjezera, la magetsi. ST-70 zambiri zinapangidwira magetsi a ku America a mavoti pafupifupi 120, pamene a ku Malawi, Zambia ndi South Africa ndi 230. Kuibaya pakhoma mwachindunji n'kuipha, imafunika thiransifoma yotsitsa mavoti yamphamvu yokwanira. Ngakhale imeneyo ilipo, magetsi a kuno amakwera ndi kutsika, ndipo ampulifayayi ilibe chowongolera: magetsi akakwera, mavoti a pa mavalavu amakwera nawo, ndipo kampata kaja ka pakati pa mawati 20 ndi 25 kamatha. Choopsa kwambiri ndi kuthima kwa kanthawi, magetsi akazima n'kubweranso pasanathe mphindi. GZ34 ikayatsidwa ili yozizira imapereka mphamvu pang'onopang'ono, zimene zimateteza zonse. Ikayatsidwanso ili yotentha, makapasita atakhuthuka, magetsi amalowa mwa chigumula ndipo imatha kuthetheka m'kati. Choncho magetsi akazima, thamangirani kuzimitsa ampulifaya, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo. Inveta yotchipa ya sola, yosatulutsa magetsi osalala, imaliritsa ndi kutenthetsa thiransifoma.

Tiwerengenso mayunitsi. Kawaya kotenthetsa EL34 imodzi kamadya mavoti 6.3 pa ma ampu 1.5, omwe ndi mawati oposa 9, ndiye zinayi zimadya pafupifupi 38. Onjezanipo GZ34, ma 7199, ndi mawati oposa 80 odutsa m'ma EL34 aja, mupeza kuti makinawa akudya mawati pafupifupi 150 nyimbo isanayambe n'komwe. Kumvera maola anayi pa tsiku kwa mwezi ndi mayunitsi 18 a magetsi. Ampulifaya yamakono ya mtundu wa Class D, yamphamvu yofanana, imadya mawati owerengeka chabe ikakhala chete. Kwa banja logula mayunitsi a pulipedi, kapena lodalira batire la sola madzulo, kusiyana kumeneku si nkhani ya m'mabuku.

Ndiye pali funso la kumene mavalavu amachokera. Valavu imatha ngati kandulo, ndipo zotulutsa mphamvu zimafooka pakapita maola masauzande ochepa. Fakitale yaikulu ya Mullard ku Blackburn inasiya kalekale kupanga mavalavu, monganso za ku America ndi Germany. Lero ambiri amachokera m'malo owerengeka: fakitale ya ku Saratov ku Russia ya kampani ya Mike Matthews wa ku New York, ya JJ Electronic ku Slovakia, ndi zingapo za ku China. Mu March 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, Russia inaletsa kutumiza kunja katundu wosiyanasiyana, mavalavu ali m'gulu, ndipo ngakhale chiletsocho chinafewetsedwa pambuyo pake, mitengo inakwera ndipo masitolo anatha katundu. Valavu ya 7199 siikupangidwanso, moti eni ST-70 ambiri amasintha bolodi lonse loyambitsa kuti ligwiritse ntchito mtundu wina. Apa pali choseketsa: ST-70 zambiri zimene zikutamidwa lero zili ndi bolodi latsopano, makapasita atsopano ndi mavalavu a ku Slovakia. Chotsala cha 1959 ndi chitsulo ndi mathiransifoma. Nanga "mawu a ST-70" amene akugulitsidwawo ndi ati?

Pamenepa wina anganene kuti ndaigwetsa. Ayi, chifukwa mfundo yomalizayi ndi imenenso ikuonetsa ukulu wake. Makina amene mungawasinthe ziwalo zonse patapita zaka 60 n'kumagwirabe ntchito ndi makina opangidwa ndi ulemu kwa mwini wake. Pulani yonse ya mawaya inasindikizidwa m'kabuku, pamodzi ndi mavoti oyenera kupezeka pa mwendo uliwonse wa valavu. Zipangizo zake n'zazikulu, zooneka ndi maso, zowerengeka. Wokonza mawayilesi wa pamsika, wokhala ndi mita ndi chowotcherera, akhoza kutsatira njira ya mawu kuchokera polowera mpaka potulukira n'kupeza pamene pavuta. Yerekezani ndi sipika ya Bluetooth yomatidwa ndi guluu, imene kachipangizo kamodzi kosalembedwa dzina kakapsa, kapena batire likafa, yonse imapita kudzala. Mayiko athu alandira zambiri zotere, ndipo amisiri athu, omwe luso ali nalo, amangozibweza kwa eni ake chifukwa opanga sanafune kuti zikonzedwe. Hafler ankakhulupirira kuti wogula angathe kumvetsa chimene wagula. Chikhulupiriro chimenecho n'chimene chasowa m'zoimbira za lero, osati mavalavu.

Ndiponso ndisabise: ST-70 yokonzedwa bwino, yolumikizidwa ku masipika osafuna mphamvu zambiri, m'chipinda chapakatikati, imaimba mokoma. Mawu a anthu, gitala yosalumikiza ku magetsi, kwaya ndi jazi zimatuluka mosatopetsa khutu. Pamene imafooka ndi pa besi yozama ndi yothamanga. Ikani amapiano, kapena sungura ya Alick Macheso pamene gitala ya besi ikuthamanga ngati ikuyankhula, n'kukweza voliyumu, mumva besiyo ikuyamba kufewa ndi kupakana, chifukwa thiransifoma ili ndi malire pa mawu otsika ndipo magetsi a m'kati amagwa akakokedwa mwamphamvu. Imeneyi si ampulifaya ya paukwati kapena pachinkhoswe. Ndi ya munthu wokhala pansi.

Chigamulo changa chili motere. Ngati mukufuna kumva ndendende zimene zili m'chimbale, pa ndalama zochepa, magetsi ochepa ndi nkhawa zochepa, gulani ampulifaya yabwino ya mathiranzisita, ndipo ndalama zotsalazo muike pa masipika, chifukwa masipika ndi chipinda zimasintha mawu kuposa ampulifaya iliyonse. Ngati mumakonda kunenepa kumene mavalavu amawonjezera, vomerani kuti n'zokometsera, muzisangalala nazo monga zokometsera, ndipo musalipire mtengo wa galimoto pa chinthu chimene rezisita ya ohm imodzi ingatengereko mbali yaikulu. Koma ngati mukufuna makina oti muwadziwe m'kati ndi kunja, muziwapima miyezi ingapo iliyonse, muwakonze akadwala, ndipo mwana wanu aphunzirepo mmene magetsi amasandukira nyimbo, ST-70 ndi sukulu yabwino kuposa zambiri. Muigule mutapeza kale wokonza wodziwa mavoti okwera, thiransifoma yotsitsa magetsi, ndi ma EL34 awiri apadera osunga m'kabati.